Maola 8 pa Chilumba cha Grenada

Grenada ndi dziko laling'ono zedi. Mukaphatikiza chilumba chachikulu ndi tizilumba tiwiri ta Carriacou ndi Petite Martinique, malo onse ndi masikweya kilomita 344, osafika ndi theka lomwe la boma la Chiradzulu. Anthu ake amangopitirirako pang'ono 100,000. Ukayang'ana pa mapu umaganiza kuti ola limodzi n'lokwanira kulizungulira lonse. Koma mapu sakuuza kuti chilumbachi chinapangidwa ndi mapiri ophulika, kuti malo athyathyathya ndi osowa, ndiponso kuti msewu uliwonse umakhota ngati njoka yothawa moto. Amene anakwerapo msewu wa ku Zomba wopita pamwamba pa phiri angoganiza msewu umenewo ukupitirira tsiku lonse, nyanja ili mbali imodzi.

Ndinafika kumeneko m'mwezi wa January pa sitima yapamadzi ya alendo. Ulendowu inali mphatso yochokera kwa achemwali anga, omwe ndi namwino ku England, ndi amuna awo. Tinakwerera ku Bridgetown m'dziko la Barbados, ndipo pafupifupi m'mawa uliwonse tinkadzuka tili pa chilumba china. Sitima zoterezi zimafika m'mawa n'kunyamuka madzulo. Ku Grenada tinaloledwa kutsika itangokwana 8 koloko, ndipo kapepala ka tsikulo kanati aliyense akhale atabwerera pofika 4:30.

Mlendo wa pa sitima amakhala ndi njira zingapo. Ena satsika n'komwe, amangochoka pa chakudya cham'mawa kupita pa chamasana. Ambiri amalipira basi imene eni sitima akonza, yomwe imawaonetsa malo awiri kapena atatu n'kuwabweza. Ochepa amabwereka galimoto n'kudziyendera okha. Kusiyana kwake n'koti basi ya eni sitima ikachedwa, sitimayo imadikira, koma inu odziyendera nokha mukachedwa imakusiyani pa doko, zovala ndi mankhwala anu zili m'chipinda, ndipo ndege yokakumana nayo pa chilumba chotsatira mulipira nokha. Achemwali amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi tsiku lililonse, choncho tisanatsike anaika a masiku 3 m'kachikwama pamodzi ndi mapasipoti athu ndi nambala ya foni ya woimira sitima pa dokolo, yomwe imalembedwa pa kapepala kaja. Alamu anatenga udindo wa chiwongolero. Ine anandipatsa mapu ndi wotchi.

Kubwereka galimoto kunatitengera mphindi pafupifupi 40. Laisensi yakwanu payokha siikwanira. Mumaionetsa, kenako mumalipira chiphaso cha kanthawi chololeza mlendo kuyendetsa pa chilumbapo, ndipo ambiri obwereketsa magalimoto amatha kukulemberani pomwepo. Alamu anazungulira galimotoyo akujambula ndi foni paliponse pamene panali pokalika, anayang'ana tayala lapadera ndi jeke, n'kufunsa kuti inshuwalansi ikulipira chiyani ndipo ikusiya chiyani. Mnyamata wa pa ofesiyo anaseka kuti bambowa ngati akugula. Ndalama ya kumeneko ndi dola ya East Caribbean, yomwe kuyambira 1976 mtengo wake sunasinthe: madola 2.70 pa dola imodzi ya ku America. Kwa munthu wozolowera kwacha, zimenezi zinandivuta kukhulupirira.

Chimene chinatikhazika mtima pansi n'chakuti ku Grenada amayenda kumanzere ngati kwathu, poti nawonso analamulidwa ndi Britain mpaka pa 7 February 1974. Magalimoto ambiri ndi omwe aja ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan. Maminibasi nawo alipo, kondakitala ali pakhomo, ndipo amaima pamene wokwera wagogoda, osati pamene inu oyenda kumbuyo mukuyembekezera. Zachilendo zinali ziwiri. M'mphepete mwa msewu muli ngalande zakuya za simenti, zoti tayala likangolowamo ulendo wathera pomwepo. Ndipo hutala kumeneko si chipongwe. Amaliza pofika pokhota kuti wobwera kutsogolo adziwe, amaliza popereka moni, amalizanso pothokoza. Alamu, omwe zaka za ku England zinawaiwalitsa hutala, anaizolowera tisanayende makilomita 10.

Tinasankha kuzungulira mbali ya kumpoto: kutsata gombe la kumadzulo mpaka kunsonga, kutsikira kummawa, kenako kudutsa pakati pa mapiri kubwerera ku likulu, St George's. Gombe la mchenga woyera la Grand Anse, kumene anzathu ambiri a pa sitima anathamangira, lili kumwera ndipo tinalisiya. Mchenga tili nawo ku Mangochi.

Tawuni yoyamba kuimamo inali Gouyave, ya asodzi, kwawo kwa Kirani James amene anapambana mendulo ya golide pa mpikisano wa mamita 400 ku London mu 2012. Pakati pa tawuniyi pali chinyumba chakale cha nsanjika, ndipo fungo lake limakulandirani musanatsike galimoto. M'menemo ndi mmene alimi amabweretsa nutmeg.

Ambiri timangoidziwa nutmeg ngati ufa wa m'kabotolo wothira mu keke. Mtengo wake ndi waukulu, wa masamba obiriwira chaka chonse, ndipo chipatso chake chimaoneka ngati pichesi yachikasu. Chikapsa chimang'ambika chokha. Mkati mwake muli nthanga ya chikhokho chakuda chonyezimira, yokutidwa ndi kaukonde kofiira ngati magazi. Kaukondeko akakaumitsa ndi chokometsera china chotchedwa mace, ndipo nutmeg yeniyeniyo ili mkati mwa chikhokhocho. Palibe chotayidwa. Mnofu wa chipatso amapangira jamu, ndipo makhokho amawayala m'tinjira ta m'minda ya maluwa, moti ukamayenda amalira ngati ukuponda makoko a mtedza.

Mtengowu kwawo ndi ku zilumba za Banda ku Indonesia, ndipo unafika ku Grenada m'zaka za m'ma 1840. Unayanjana ndi nthaka mpaka dzikoli linadzakhala lachiwiri kwa Indonesia pogulitsa nutmeg, ndipo chipatsocho anachijambula pa mbendera. Kuyambira 1947 alimi amagulitsa kudzera m'bungwe lawo, Grenada Cooperative Nutmeg Association. M'chinyumba cha ku Gouyave nthangazo amaziyala pa mathandala ataliatali a matabwa, m'mwamba mwa nyumba momwe mumatentha, kwa masabata 6 mpaka 8, akuzitembenuza ndi chokokera chamtengo. Nthanga ikayamba kugwedera mkati mwa chikhokho ndiye kuti yauma. Akaswa, amayi amasankha ndi manja mothamanga kuposa mmene maso angatsatire. Kenako amaziviika m'madzi. Zomira ndi zodzala bwino, za mafuta ambiri, ndipo ndizo zimapita kukhitchini. Zoyandama amakazifinya mafuta opangira mankhwala opaka ndi zodzola. Amayi athu amachita zomwezo ndi mbewu ya nyemba, ndipo ndinauza mayi amene ankationetsa malowo. Anati nzeru ya madzi ndi imodzi kulikonse.

Ambiri a ife tinakula tikuuzidwa kuti zokometsera zamphamvu zisachuluke mumphika, ndipo pa nutmeg chenjezoli lili ndi maziko. Kapang'ono kotsina ndi zala mu phala kapena mu buledi sikavuta. Koma masupuni angapo nthawi imodzi amabweretsa nseru, chizungulire, kugunda kwa mtima mothamanga ndi kuona zinthu zomwe palibe, ndipo ena amafika pogonekedwa m'chipatala. Botolo lake likhale patali ndi ana.

Mathandala ambiri m'chinyumbacho anali opanda kanthu. Chifukwa chake ndi tsiku limene munthu aliyense wamkulu ku Grenada amalikumbukira: 7 September 2004, pamene namondwe wotchedwa Ivan anawomba chilumbachi. Anthu 39 anafa, ndipo pa nyumba 10 zilizonse pafupifupi 9 zinawonongeka. Mitengo ya nutmeg mizu yake siipita pansi kwambiri, choncho yambiri inazuka. Denga munthu amakhoma m'masabata ochepa akapeza malata. Mtengo wa nutmeg umatenga zaka 7 kapena kuposerapo kuti uyambe kubala, ndi zaka pafupifupi 20 kuti ufike pachimake. Mlimi amene anali ndi zaka 60 pa tsikulo anadziwa kuti akabzala, akubzalira adzukulu. Ndinaima pamenepo ndikuganiza za mabanja amene tinkawayendera Freddy atadutsa mu March 2023, mmene thandizo limafikira mwachangu pa bulangeti ndi ufa, koma pa munda umene wakokoloka anthu amatsala okha. Mu July 2024 namondwe wina, Beryl, anasakazanso Carriacou ndi Petite Martinique.

Wotchi inali itadutsa 10 koloko. Tinapitirira kumpoto kudzera ku Victoria, nyanja ili kumanzere, nthochi, magwafa ndi mapapaya zili kumanja. M'makomo munali mitengo ya nandolo yofanana ndendende ndi ya ku Thyolo, poti kumeneko mpunga wophikira limodzi ndi nandolo ndi chakudya cha masiku onse. Pa kamsika ka m'mbali mwa msewu tinagula chakumwa chofiira chozizira chimene amachitcha sorrel, chomwe amachikonda kwambiri nyengo ya Khirisimasi. Nditalawa ndinati, “Achemwali, ichitu ndi chidede.” Chinalidi chidede, chothira jinja ndi shuga wochuluka kuposa amene ndingalole m'nyumba mwanga.

Kunsonga ya kumpoto kuli tawuni ya Sauteurs. Dzinali ndi la Chifalansa, ndipo limatanthauza anthu odumpha. Azungu asanafike, chilumbachi chinali cha anthu otchedwa Carib. Afalansa atakhazikika cha m'ma 1650 anayamba kuwathamangitsa, ndipo mbiri imati gulu lomaliza, la anthu pafupifupi 40, litapanikizidwa pamwamba pa thanthwe la m'tawuni ino linasankha kudziponya m'nyanja kusiyana ndi kugwidwa. Thanthwelo lilipo, kuseri kwa tchalitchi cha Katolika. Pansi pake mafunde amamenya miyala, ndipo patali mumaona tizilumba tikundandalika kulowera ku Carriacou. Pambuyo pa a Carib anabwera akapolo ochokera ku Africa odzalima nzimbe, ndipo zidzukulu zawo ndi zimene zili zambiri pa chilumbachi lero. Tsiku lonse palibe amene anatiyang'ana ngati alendo mpaka titatsegula pakamwa.

Kuti mufike pa thanthwelo mumadutsa m'manda, ndipo mandawo ndi amene anandikokera ine ku Sauteurs. Muli manda a Walter Clement Noel. Iye anabadwa mu 1884 m'banja la minda kumpoto kwa chilumbachi, ndipo mu 1904 anapita ku Chicago kukaphunzira udokotala wa mano. Chaka chomwecho chisanathe anagonekedwa m'chipatala, akuvutika kupuma, ali ndi zilonda zakale m'miyendo ndiponso magazi ochepa. Dokotala wachinyamata, Ernest Irons, atayang'ana magazi ake pa makina okulitsa zinthu anaona maselo ofiira achilendo, aatali ndi opindika ngati zenga. Mkulu wake, James Herrick, analemba zimenezi m'magazini ya madokotala mu 1910. Imeneyo ndiyo nkhani imene imawerengedwa kuti ndi yoyamba kufotokoza matenda amene lero timawatcha sickle cell. Dzina la wodwalayo silinalembedwe, ndipo linadzadziwika patapita zaka zambiri ofufuza mbiri atatsata mabuku akale a chipatalacho.

Chimene chimandikhudza ndi zimene Noel anachita pakati pa kugonekedwa kumeneko ndi imfa yake. Anadwala kangapo ali pa sukulu, m'nyengo yozizira ya ku Chicago imene ndi mdani wa matendawa, koma anamaliza maphunziro mu 1907. Anabwerera kwawo, anatsegula chipatala chake cha mano ku St George's, ndipo anagwira ntchito zaka 9. Anamwalira mu 1916 ndi matenda a m'chifuwa, nthawi imene kunalibe penisilini kapena mankhwala ena alionse othandiza pa matendawa.

Pa ntchito yoyendera mabanja ndakumana ndi ana angapo otere. Khanda limatupa manja ndi mapazi n'kumalira osatonthola. Likamakula, maso amachita chikasu, magazi amatha pafupipafupi, ndipo nthawi zina ululu wa m'mafupa umafika poti mwana sangagwiridwe. Mwana wachiwiri akadwalanso chimodzimodzi, akuchimuna amayamba kuloza akuchikazi, kapena onse pamodzi amaloza agogo ena a m'mudzi. Zoona zake n'zakuti mwana amadwala pokhapokha atatengera kwa makolo onse awiri. Bambo ndi mayi akhoza kukhala athanzi, aliyense atanyamula mbali imodzi osadziwa, ndipo zikatero pa mimba iliyonse pamakhala mpata umodzi mwa 4 woti mwanayo abadwe ndi matendawa. Kunyamula mbali imodzi yokha kumateteza munthu ku malungo aakulu, n'chifukwa chake chibadwachi chinafala kumene malungo ali ambiri, ndipo chinawoloka nyanja m'magazi a akapolo. Selo lofiira labwinobwino limakhala masiku pafupifupi 120, koma lopindika limafa pakati pa masiku 10 ndi 20, ndipo likauma limatseka timitsempha ting'onoting'ono. Ululu uja umachokera pamenepo.

Mwana wopezeka msanga amathandizika ndi zinthu zimene sizili kutali: katemera yense, penisilini wa tsiku ndi tsiku akadali wamng'ono, kugona mu neti ndi kupewa malungo, kumwa madzi ambiri, kufunda kukazizira, ndi kuthamangira kuchipatala thupi likangotentha. Pali mankhwala otchedwa hydroxyurea amene amachepetsa kubwerabwera kwa ululu, ndipo ndi bwino kufunsa adokotala za iwo. Achinyamata amene akukonzekera ukwati amayezetsa magazi pa zinthu zina, koma za sickle cell ambiri safunsa. Achemwali, omwe amasamalira odwala oterewa ku wodi yawo, anaima nthawi yaitali pa mandawo osayankhula. Alamu ndi amene anandikumbutsa kuti wotchi ili ndi ine. Inali 11:45.

Chakudya chamasana tinakadyera ku Belmont Estate, munda wakale wa m'zaka za m'ma 1600 womwe uli mphindi zochepa kuchokera ku Sauteurs. Kale unkalimidwa ndi akapolo. Mu 1944 unagulidwa ndi Norbert ndi Lyris Nyack, zidzukulu za amwenye amene anabweretsedwa kudzagwira ntchito m'minda ukapolo utatha, ndipo mpaka lero uli m'manja mwa banja lomwelo. Mbewu yake yaikulu ndi cocoa, wopangira chokoleti, osati koko wathu wa kudimba. Zibalobalo zake zimamera pa thunthu penipeni. Akaziswa, nthanga zimatuluka zitakutidwa ndi zoyera zotsekemera, ndipo amaziunjika m'mabokosi a matabwa n'kufunditsa masamba a nthochi kwa masiku pafupifupi 6 kuti zivunde. Ndinalowetsamo dzanja, munali motentha ngati mu nkhuti. Kenako amaziyanika pa mathandala aakulu okhala ndi mawilo, kuti mvula ikayamba angowakankhira pansi pa denga. Pozitembenuza, antchito amayendamo opanda nsapato akukhwekhwereza mapazi. Chokoleti chakuda chimene amapanga pamenepo n'chowawira, chosiyana kutali ndi cha m'magolosale chimene mbali yaikulu ndi shuga ndi mafuta. Chili ndi kafeini pang'ono, zimene ofuna kupewa kafeini ayenera kudziwa.

Koko wathu wa kudimba naye ndinamupeza pa mbale. Kumeneko amamutcha dasheen, ndipo masamba ake, otchedwa callaloo, amaphikira supu yobiriwira ya mkaka wa kokonati. Lamulo lake ndi lomwe timalidziwa: apse bwinobwino, apo ayi akuyabwani pakhosi. Chakudya chimene dzikoli limanyadira ndi oil down, mphika umodzi wa breadfruit, callaloo, nthochi zosapsa, timibulu ta ufa ndi turmeric, zophikidwa mu mkaka wa kokonati mpaka madzi ataphwa n'kutsala mafuta pansi. Nthawi zambiri amathiramo nyama ya nkhumba yamchere, choncho funsani musanaitanitse. Breadfruit ndi chipatso chachikulu ngati mpira, chokoma ngati mbatata yosatsekemera, chimene William Bligh anabweretsa ku zilumbazi kuchokera ku Tahiti mu 1793 kuti chikhale chakudya chotsika mtengo cha akapolo. Ife tinadya supu ija, mpunga wa nandolo, nthochi zophika, maungu ndi papaya. Patatha masiku 4 a chakudya cha pa sitima, kumene mbale imadzaza chifukwa choti zonse zalipiridwa kale, mimba inathokoza.

Tinanyamuka 1:30 kulowera kumwera kudzera ku gombe la kummawa, kumene nyanja ya Atlantic ndi yaukali. Tisanafike ku Grenville tinapatukira ku Pearls, bwalo loyamba la ndege la dzikoli. Pa udzu, pakati pa ng'ombe ndi mbuzi zomangidwa pa zingwe, pali ndege ziwiri zikuwola, ina ya ku Cuba ina ya ku Soviet Union. Zinatsala pamenepo mu 1983. Maurice Bishop analanda boma mu March 1979 n'kupalana ubwenzi ndi Cuba, yomwe inayamba kumuthandiza kumanga bwalo latsopano ku Point Salines. Chipani chake chitagawanika, anzake omwe anamutsekera m'nyumba, ndipo pa 19 October 1983 anawomberedwa pamodzi ndi nduna zina mu linga la pamwamba pa St George's. Patangopita masiku 6 asilikali a America analowa. Mtembo wa Bishop sunapezeke mpaka lero, koma bwalo latsopano lija tsopano limatchedwa dzina lake. Pa Pearls palibe mpanda kapena wolipiritsa. Tinakhalapo mphindi 10 zokha.

Grenville ndi tawuni yachiwiri kukula, yopanikizana, ya msika ndi maminibasi, ndipo alendo saoneka. Ndikanakonda kuyendamo wapansi. Wotchi inakana.

Kuchokera pamenepo msewu umakwera kulowa m'nkhalango ya Grand Etang. Mphepo inasintha, kunayamba kuzizira, kenako mvula yowaza. Mitengo ya nsungwi inakumana pamwamba pa msewu, ndipo m'mphepete munali zomera zonga nthenga zazitali kuposa munthu. Pamwamba, mamita oposa 500 kuchokera pa nyanja, pali nyanja yaing'ono yodekha m'chibowo cha phiri limene linaphulika kalekale. Nkhalangoyi ndiyo gwero la madzi ambiri a chilumbachi, ndipo amaiteteza. Poimika magalimoto panali anyani otchedwa mona, a masaya oyera, omwe makolo awo anachokera kumadzulo kwa Africa pa zombo za akapolo. Alendo ena ankawaika pa mapewa kuti ajambulitse. Ife a ku Malawi nyani timamudziwa, ndipo kulumidwa naye kutali ndi kwanu si nkhani yaing'ono. Tinaonera patali.

Tinali titagwirizana kuti pofika 3 koloko tikhale tikutsika, kuti titsale ndi ola lathunthu losungira. Olalo linagwira ntchito. Titatsika pang'ono tinapeza mzere wa magalimoto utaima. Lole yonyamula simenti inali italephera pokhota, ndipo inatseka msewu wonse. Njira ina yachidule panalibe. Kubwerera ku Grenville kuti tizungulire gombe la kumwera kukanatidyera nthawi yoposa imene tinali nayo. Madalaivala anatsika, wina anabweretsa miyala yoika kumatayala, wina ankakuwa malangizo amene palibe ankawamvera. Achemwali anatulutsa kapepala kaja n'kuyamba kuyang'ana nambala ya woimira sitima.

“Mlamu, yakwana bwanji?” anafunsa alamu, maso ali kutsogolo.

“3:25, alamu.”

“Ikafika 3:45 tiimbe foni.”

Sitinaimbe. Itakwana 3:38 loleyo inabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, anthu akuiwongolera ndi manja, mpaka mpata wa galimoto imodzi unatseguka. Alamu anatsika phirilo ndi giya yaing'ono osapsetsa mabuleki, ngakhale minibasi ya kumbuyo inkafuna kutidumpha pokhota paliponse. Tinathira petulo kuti tibweze thanki mmene tinaipezera, ndipo tinalowa mu St George's nthawi imene ana a sukulu ndi antchito anali atadzaza misewu.

Likululi linamangidwa pa zitunda zozungulira doko looneka ngati nsapato ya hatchi, lotchedwa Carenage, ndipo nyumba zake zakale n'zofolera ndi matailosi ofiira. Misewu yambiri ndi yolowera mbali imodzi, ina yotsetsereka moti woyenda pansi amachita kugwira khoma. Pakati pa Carenage ndi mbali imene sitima zimaima pali phiri, ndipo pansi pake anaboola njira m'zaka za m'ma 1890, yotchedwa Sendall Tunnel. Ndi yopapatiza, yokwana galimoto imodzi, koma anthu apansi amadutsanso momwemo atatsamira khoma. Titatulukira mbali inayo tinaiona sitima yathu, yaitali kuposa nyumba iliyonse ya m'tawuniyo.

Mnyamata uja anayendera galimoto, anayerekeza ndi zithunzi za m'foni ya alamu, n'kulandira makiyi. Tinaonetsa makadi athu pa chipata cha sitima nthawi ili 4:14. M'chikwama changa munali nutmeg 12 za m'makhokho, kapaketi ka mace, ndi timipira ta cocoa tosungunula m'madzi otentha, zonse zogula kwa anthu amene anazilima kapena kuzikonza. Anzathu a pa tebulo la chakudya chamadzulo anali atapsa ndi dzuwa la ku Grand Anse, ndipo anatifunsa ngati kumpotoko kuli choona. Achemwali anayamba kuwafotokozera za Walter Noel.

Sitima inanyamuka 5 koloko n'kulowera kumpoto, motsata gombe lomwe tinayendamo m'mawa. Pamwamba pa tawuni linga lija, Fort George, linkaoneka bwino, mizinga yake yakale italoza kunyanja. Kutayamba kuda tinaima kunja ndi mapu aja, ndipo alamu analoza kagulu ka magetsi m'mphepete mwa madzi, pansi pa phiri lakuda. Tinawerenga mitsinje ndi nsonga za pa mapu mpaka tinagwirizana kuti inali Gouyave.